Ufulu wothera pampanda wa kwanu

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, ena a inu lero ndevu zikuposa zanga, ndakhala chete kwa masabata angapo chifukwa cha kuchonga mayeso. Lero ndabwera ndi nkhani yooneka ngati ya kutali kwambiri ndi Nsaru, koma pirirani nane pang'ono.

M'magulu athu a pa WhatsApp mwachuluka timavidiyo ta azungu a ku America, anthu odziwa kuyala mfundo, akunena kuti pa nkhondo ya ku Ukraine wolakwa si Russia. Akuti Russia anaputidwa, akuti Putin akungoteteza khomo lake. Wotumiza kavidiyoko amawonjezera pansi pake kuti taonani, ngakhale eni akewo akuvomereza. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ena mwa azungu amenewa ndi a gulu lotchedwa ma libertarian, ndipo ukadziwa chimene gulu limeneli limaphunzitsa, umagwira pakamwa.

Ma libertarian ndi anthu amene amati ufulu wa munthu payekha ndiye chinthu chachikulu kuposa zonse pa ndale. Boma lichepe. Lisalowerere pa malonda ako, pa chipembedzo chako, pa zimene ukuyankhula ndi kuwerenga. Msonkho ukhale wochepa, munthu asakakamizidwe kulowa usilikali, katundu wa munthu asalandidwe. Mfundo yawo yaikulu ndi yoti palibe amene ali ndi ufulu woyamba kugwiritsa ntchito mphamvu pa mnzake amene sanamulakwire, kaya woyambayo ndi mbava, kaya ndi boma.

Ine sindikuwaseka ayi. Munthu wa kumadzulo kwa Lilongwe kuno safunika buku kuti amvetse zimene akunenazi. Funsani agogo anu a ku Kabudula kapena ku Mpingu za lamulo la Special Crops Act. Mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale, chifukwa ameneyo anali wa eni maesiteti okhala ndi laisensi. Wa m'mudzi ankalima chikopa, n'kugulitsa kwa wogula mmodzi yekha, ADMARC, pa mtengo umene boma lanena. Akatswiri awiri, Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, anasonyeza mu 1982 kuti phindu lomwe ADMARC inkapeza pa thukuta la alimi ang'onoang'ono linkathera kukulitsa maesiteti a anthu akuluakulu. Fodya wa bale anatsegulidwa kwa mlimi wamba mu 1990. Ndiye munthu akamati dzanja la boma likalowa m'nkhokwe mwako chenjera, kuno timangoti zoona.

Chodabwitsa chake n'ichi. Ron Paul, amene anali phungu wa ku Texas kwa zaka zambiri ndipo anapikisanapo pa mpando wa pulezidenti mu 1988, 2008 ndi 2012, ndiye nkhalakale yolemekezeka ya gulu limeneli. Russia atalanda chigawo cha Crimea mu March 2014, mkuluyu analemba kuti anthu a ku Crimea angosankha okha kumene akufuna kukhala, ndipo America alibe nazo gawo. Kwa zaka zambiri ankaonekera pa RT, wailesi yakanema yomwe imayendetsedwa ndi ndalama za boma la Russia. Mwana wake Rand Paul, senatala wa ku Kentucky, anapita ku Moscow mu August 2018 atanyamula kalata ya Donald Trump yopita kwa Putin. Mu April 2022, nkhondo itatenga miyezi iwiri, anauza nduna yoona za kunja Antony Blinken kuti maiko amene Russia wawaukira, Georgia ndi Ukraine, anali mbali ya Soviet Union kale. Ndipo matendawa si a lero. Murray Rothbard, mmodzi mwa makolo a chiphunzitsochi, m'buku lake la For a New Liberty la 1973 ankati pa nkhani za kunja Soviet Union inali yofatsa kuyerekeza ndi America.

Si onse ayi. Mu 2014 momwemo Alexander McCobin, mtsogoleri wa bungwe la ophunzira la Students for Liberty, anadzudzula Ron Paul poyera pa nkhani ya Crimea. Koma mawu amene amafika m'mafoni mwathu kuno si a McCobin.

Tiwapatse zawo kaye. Ron Paul anavota kukana nkhondo ya ku Iraq mu October 2002, pamene andale ambiri a zipani zonse ziwiri ankaombera m'manja. Zida zoopsa zomwe ankati Saddam Hussein wabisa sizinapezeke, anthu miyandamiyanda anafa. Zimene NATO inachita ku Libya mu 2011 zinasiya dziko lophwasuka. Edward Snowden ataulula mu 2013 kuti boma la America linkasunga mwachinsinsi mbiri ya mafoni a nzika zake, amene anamuikira kumbuyo kwambiri anali ma libertarian, ndipo dziko limene linamusunga ndi Russia. Munthu amene wanamizidwa kangapo ndi boma lake ali ndi chifukwa chokayikira likamabweranso ndi nkhani ina. Mpaka pamenepa ndili nawo limodzi. Wa ku Kentucky akanena kuti msonkho wake usapite ku nkhondo ya kutsidya kwa nyanja, imeneyo ndi nkhani ya iye ndi boma lake, ndipo ine wa ku Nsaru ndilibe pakamwa.

Koma kunena kuti ndewu iyi sindilowererapo ndi nkhani ina, kunena kuti womenyayo akukhoza ndi nkhani inanso. Apa ndi pamene anzathuwa amaterereka. Amayamba ndi kukana nkhondo, amathera pa kulungamitsa amene wayambitsa nkhondo. Mfundo yawo ija yoti palibe woyamba kugwiritsa ntchito mphamvu imagwira ntchito bwino lomwe ikaloza ku Washington, koma ikaloza ku Moscow imafota ngati nkhwani wa dzulo.

Tengani riferendamu ya ku Crimea ija. Pa 27 February 2014 asilikali osavala chizindikiro chilichonse analanda nyumba ya malamulo ya chigawocho. Pa 16 March, masabata atatu asanakwane, anthu anaponya voti, ndipo zotsatira zinati pafupifupi 97 pa 100 alionse akufuna Russia. Pa pepala lovotera panalibe malo oti munthu anene kuti zinthu zikhale monga zinalili. Mwezi wotsatira Putin yemweyo anavomera kuti asilikali a Russia analipo. Tsono ife Amalawi riferendamu timaidziwa. Kamuzu anafuna kuti ichitike pa 15 March 1993, mwachangu, ndi mabokosi awiri, lina la tambala lina la nyali. A PAC, a AFORD ndi a UDF anakana. Ankadziwa kuti pa mudzi pamene aliyense akudziwa mnzake, mabokosi awiri ndiye kuti voti yako yaoneka. Bungwe la United Nations linalowererapo, tsiku linasunthidwa kufika pa 14 June, bokosi loponyamo linakhala limodzi. Makolo athu, ambiri a iwo osapita patali ndi sukulu, anazindikira kuti kuvota pamaso pa munthu wonyamula chibonga si kusankha. Nanga dokotala wophunzira ngati Ron Paul chinamuvuta n'chiyani?

Tiyeze Russia ndi muyezo wa ma libertarian eni ake, osati wanga. Pa katundu wa munthu: Mikhail Khodorkovsky, amene anali wolemera kuposa onse m'dzikomo, anamangidwa mu October 2003 atayamba kuthandiza otsutsa boma, anakhala m'ndende zaka 10, ndipo chuma chachikulu cha kampani yake ya mafuta ya Yukos chinathera m'manja mwa kampani ya boma. Pa kuyankhula: mu March 2022 anakhazikitsa lamulo loti wofalitsa zimene boma likuti ndi zabodza zokhudza asilikali atha kukhala m'ndende mpaka zaka 15. Mtolankhani Anna Politkovskaya anaomberedwa pa nyumba yomwe ankakhala mu October 2006. Boris Nemtsov anaomberedwa pa mlatho pafupi ndi Kremlin mu February 2015. Alexei Navalny anafera m'ndende ya kumalo ozizira koopsa pa 16 February 2024. Pa usilikali wokakamiza, chinthu chimene ma libertarian amanyadira kuti Milton Friedman anathandiza kuchithetsa ku America mu 1973: mu September 2022 Putin analamula kuti amuna 300,000 atengedwe kupita kunkhondo, ndipo anyamata ambirimbiri anathawira ku Georgia ndi ku Kazakhstan.

Wina anena kuti nako ku Ukraine amuna akutengedwa mokakamiza, katangale aliko, ndipo chisankho cha 2024 sichinachitike chifukwa cha malamulo a nthawi ya nkhondo. N'zoona. Koma munthu wa katangale akathyoleredwa nyumba usiku, wothyolayo sasanduka wapolisi.

Ziwiri zokhudza Russia zimandikhudza mwapadera. Choyamba, mu April 2017 khoti lalikulu la dzikolo linaletsa Mboni za Yehova, kuzitcha gulu loopsa, ndipo kuchokera pamenepo ambiri amangidwa chifukwa chosonkhana ndi kuwerenga Baibulo m'nyumba. Chachiwiri ndi cha ife a choko. Kuyambira September 2022, sukulu za ku Russia zimayamba sabata ndi phunziro lapadera lokonda dziko, lomwe mitu yake imachokera ku boma. M'tauni ina yotchedwa Yefremov, mtsikana wa zaka 12 anajambula chithunzi chokana nkhondo m'kalasi mu 2022. A pasukulupo anaitana apolisi. Bambo ake anafufuzidwa, anapezeka kuti analembapo zotsutsa nkhondo pa intaneti, ndipo mu March 2023 anagamulidwa zaka ziwiri, mwanayo n'kusungidwa kaye kumalo a boma. Mphunzitsi mnzanga, taganiza kuti mwana wa Fomu 1 wajambula kanthu kumbuyo kwa kope lake, ndipo ntchito yako ndi yokanena.

Achikulire amene mukuwerenga muona kale kumene ndikupita, pakuti zonsezi tinaziona kuno. Mboni za Yehova zinaletsedwa m'Malawi mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mu 1972 nyumba zawo zinatenthedwa, anamenyedwa, anachotsedwa ntchito, ndipo zikwizikwi anathawira ku msasa wa Sinda Misale m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia. Ena anatsekeredwa ku Dzaleka, pa Dowa pomwepa. Chiletso chinachoka mu 1993. Lamulo la Forfeiture Act la 1966 linkalola boma kulanda katundu wa munthu popanda khoti. Mabuku, nyimbo ndi mafilimu zinkadutsa kaye ku bungwe lopima. Lamulo la 1973 linkayeza ngakhale kutalika kwa siketi ya mayi. Ndipo m'sukulu munali a Payoniya ophunzitsa ana kumvera ndi kukhulupirika.

Tsono pa nthawi yonseyo, kodi maiko okonda ufulu ankati chiyani za Kamuzu? Ankati ndi mtsogoleri wanzeru, wodekha, wodana ndi chikomyunizimu, bwenzi la malonda. World Bank inayamba kuthira ndalama mu Lilongwe Land Development Programme mu 1968, chitukuko chomwe chinalambula misewu ya kuno kwathu ndi kubweretsa kalembera wa malo wa ndunda, ndipo alendo ankabwera kudzaona Malawi ngati chitsanzo cha dziko loyenda bwino. Mu May 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Zaka ziwiri zokha pambuyo pake, mu April 1985, Kamuzu analandiridwa ku London ndi Mfumukazi Elizabeth ndi ulemu wonse wa mlendo wa boma. Margaret Thatcher, mayi amene ankatamanda kwambiri mabuku a Friedrich Hayek, katswiri yemwe ma libertarian amamulemekeza, anabwera kuno mu March 1989. Pa tsiku limene ankatera pa bwalo la ndege, Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anali ku Mikuyu chiyambire September 1987 popanda mlandu uliwonse. Orton ndi Vera Chirwa anali m'ndende ya Zomba. Mu October chaka chomwecho mtolankhani Mkwapatira Mhango anatenthedwa m'nyumba ku Lusaka pamodzi ndi a m'banja lake.

Alendo aja sanali anthu oipa mitima onse. Ankaona misewu yosesedwa, amayi ovala zitenje za chipani akuvina, ana a Kamuzu Academy ku Mtunthama akuyankhula Chilatini. Ankaona mtendere. Chimene sankaona n'chakuti bata lija linali la anthu oopa kutsokomola. Ndinakumbuka zimenezi mu February 2024 pamene Tucker Carlson, amene si libertarian weniweni koma amamwa chitsime chimodzi ndi anthu amenewa pa nkhani ya Russia, anapita ku Moscow kukacheza ndi Putin. Anajambula sitolo yodzaza ndi buledi, anajambula siteshoni ya sitima yowala ngati tchalitchi, akuti taonani ukhondo. Patangopita masiku owerengeka Navalny anafa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma mlendo wa masiku atatu saung'amba mkuyuwo.

Chifukwa chake chinali chimodzi. Azungu a nthawi ya Kamuzu maso awo anali pa mdani wawo, Soviet Union, ndipo aliyense wotsutsana ndi mdaniyo ankamuona ngati wawo. Ife tinali mbali ya bwalo basi, osati anthu. Ma libertarian a lero maso awo ali pa mdani wawonso, amene ndi boma lawo lomwe la ku Washington, ndipo aliyense wolimbana nalo akumumvera chisoni. Mphunzitsi wa ku Kharkiv amene akuphunzitsira ana m'siteshoni ya sitima ya pansi pa nthaka pothawa mabomba, kwa iwo ndi mbali ya bwalo. Mboni ya Yehova yomwe ili m'ndende ku Russia ndi mbali ya bwalo. Ufulu umene amaulalikira ndi wa munthu aliyense pa pepala, koma pochita umathera pa mpanda wa kwawo.

Ndipo taonani pamene zinthu zinasinthira kuno. Khoma la Berlin linagwa mu November 1989, Soviet Union inatha mu December 1991. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, ku Nambuma ndi ku Namitete komwe. Mu May chaka chomwecho maiko otithandiza anakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo, kupatula la chakudya ndi zina zopulumutsa moyo, ati chifukwa cha kuphwanya ufulu wa anthu. Ufulu wake uti? Womwe uja unkaphwanyidwa kuyambira 1964 iwo akuona. Anatiwona pamene mdani wawo anafa. Munthu amene anakulira m'dziko lotere sayenera kutengeka msanga akamva mzungu wa kutali akuyamikira wolamulira wankhanza wa anthu ena.

Ndikudziwa kuti kuno nkhani ya Kamuzu ndi yofunika kuiponda bwino. Chigawo chapakati chinavotera tambala mu 1993, ndipo akuluakulu ambiri amakumbukira feteleza wotsika mtengo ndi ngongole za makalabu. Sindikuwatsutsa pa zimene anaona. Ndikungoti amene anali ku Mikuyu nawonso anaona.

Tsono pali mfundo imene ana anga ambiri amandiponyera: aphunzitsi, Russia anathandiza Africa kumenyera ufulu pamene azungu ankathandiza atsamunda. Imeneyi ndi mbiri yoona ndipo timaiphunzitsa. Soviet Union inapereka zida ndi maphunziro kwa ANC, FRELIMO, MPLA ndi ZAPU, pamene Malawi yathu inatsegula ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967 ndi kulandira ngongole yomangira likulu la Lilongwe kuchokera komweko. Attati Mpakati, mtsogoleri wa LESOMA amene anapwetekedwa ndi bomba la m'kalata mu 1979 n'kudzaphedwa ku Harare mu 1983, anaphunzira ku Soviet Union. Koma Soviet Union inali maiko 15, ndipo Ukraine inali limodzi mwa iwo. Omenyera ufulu ambiri a kumwera kwa Africa kuno anaphunzira za usilikali ku Odessa ndi ku Perevalne, pa nthaka ya Ukraine. Ngati tili ndi ngongole ya chiyamiko, eni ngongoleyo ndi awiri. Komanso Putin si wa chikomyunizimu, ndipo boma lake si lija la m'ma 1970. Funsani a ku Zambia, amene mu November 2022 anauzidwa ndi boma lawo kuti mnyamata wawo wa zaka 23, yemwe anapita ku Moscow kukaphunzira za nyukiliya n'kumangidwa kumeneko, wafera kunkhondo ku Ukraine. Anatulutsidwa m'ndende ndi gulu la Wagner kuti akamenye nkhondo yomwe sinali yake.

Enanso amati nanga feteleza uja? Inde, mu March 2023 Malawi inalandira matani 20,000 a feteleza kuchokera ku kampani ya ku Russia ya Uralchem, amene anali atatsekeredwa ku Netherlands, n'kubwera kudzera ku Mozambique mothandizidwa ndi World Food Programme. Amenewo ndi matumba 400,000 a makilogalamu 50. Tinayamika, ndipo n'koyenera. Koma kumbukirani kuti nkhondo yomweyo ndi imodzi mwa zinthu zimene zinakweza mtengo wa feteleza, mafuta ndi tirigu pa dziko lonse. Thumba la AIP limene mlimi ankalipira K4,495 mu 2020 linali pa K15,000 mu 2022. Sindikuti zonse ndi Putin, pakuti kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi mavuto athu a ndalama zakunja ndi zathu zomwe. Ndikungoti mphatso isatitseke pakamwa. Ndipo pa ichi boma la Lazarus Chakwera, mwana wa ku Malembo konkuno, linachita bwino, kaya munalivotera kaya ayi. Pa 2 March 2022 Malawi inali m'gulu la maiko 141 amene anavota ku United Nations kudzudzula kuukira kwa Russia, pamene South Africa, Mozambique, Tanzania ndi Zimbabwe sanavotere mbali iliyonse.

Chifukwa chimene voti imeneyo inali yolondola si kukonda azungu. Ndi mapu.

Pocheza ndi Carlson muja, Putin anatha pafupifupi theka la ola akufotokoza mbiri kuyambira chaka cha 862, pofuna kusonyeza kuti Ukraine si dziko lenileni, ndi mbali ya Russia imene inasochera. Ine monga mphunzitsi wa mbiri ndinamvetsera ndithu, ndipo ndinaona kuti phunziro lotere nanenso nditha kulipereka. Ufumu wa Maravi unafika ku Tete ndi ku Luangwa. Kwerani minibasi pa Namitete kulowera ku Mchinji, dutsani pa Mwami, mufika ku Chipata mukuyankhula chiyankhulo chomwechi. Kalonga Gawa Undi, mfumu ya Achewa onse, amakhala ku Mkaika ku Katete, ndipo chaka chilichonse mafumu athu amapita kumeneko ku Kulamba. Kamuzu yemwe mu 1968 ananenapo kuti malire enieni a Malawi amalowa m'kati mwa Zambia, Tanzania ndi Mozambique, ndipo anakwiyitsa Kaunda ndi Nyerere. Tsono mfundo ya Rand Paul ija, yoti dzikolo linali mbali ya linzake kale, tikaivomera, ndani atsale? Zambia itha kunena kuti mfumu yanu ili kwathu, ndiye Achewa a ku Lilongwe ndi athu oti tiwateteze. Mangoni a ku Ntcheu ndi ku Mchinji ali ndi abale ku Angonia ndi ku Chipata, ndipo mizu yawo ili ku South Africa. Britain naye atha kukumbuka kuti Nyasaland inali yake mpaka 1964.

Atsogoleri a Africa anaona dzenje limeneli kale. Pa msonkhano wa OAU ku Cairo mu July 1964 anagwirizana kuti malire amene atsamunda anasiya, ngakhale ndi opotoka, alemekezedwe. Kazembe wa Kenya ku United Nations, Martin Kimani, anakumbutsa dziko zomwezi mu February 2022, masiku ochepa nkhondo isanayambe: kuti ife tinasankha kukhala ndi malire olembedwa ndi ena m'malo mokhetsa mwazi pofuna kugwirizanitsa mitundu. Munthu wa ku Texas atha kuseweretsa mfundo imeneyi chifukwa dziko lake lili ndi nyanja zikuluzikulu mbali ziwiri ndi zida za nyukiliya. Palibe amene adzabwere kudzamuphunzitsa mbiri atanyamula mfuti. Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe ndi mwambi wa anthu ang'onoang'ono ngati ife, osati wa iwo.

Ife tili ndi mlandu wa malire umene sunathe. Pangano la Heligoland la pa 1 July 1890, pakati pa Britain ndi Germany, linaika malire a kumpoto kwa nyanja ya Malawi m'mphepete mwa gombe la kum'mawa, kutanthauza kuti madziwo ndi athu. Tanzania imati malire ali pakati pa nyanja, ndipo mapu ake amaonetsa choncho. Mkanganowu unabuka m'ma 1960, unadzukanso mu 2012 Malawi itapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja. Joaquim Chissano ndi atsogoleri anzake opuma anayesa kuyanjanitsa, zokambirana zinaima mu 2014. Sindikunena kuti Tanzania ikukonza zotiukira ayi. Ndi anansi athu, mafuta athu ambiri amadutsa pa Dar es Salaam ndi pa Songwe. Koma Tanzania ili ndi anthu oposa 60 miliyoni, ife kalembera wa 2018 anatipeza tili 17.5 miliyoni, ndipo tilibe doko lathulathu. Chimene tagwira m'manja pa nkhani ya nyanja ndi pepala la 1890, pepala la ku Cairo la 1964, ndi chizolowezi cha maiko choti mapepala otere amalemekezedwa.

Ukraine nayo inali ndi pepala lake. Linasainidwa ku Budapest pa 5 December 1994, pamene dzikolo linavomera kupereka zida zonse za nyukiliya zimene Soviet Union inasiya pa nthaka yake. Posinthana ndi zimenezo, maiko atatu analonjeza kulemekeza malire ake ndi kusaligwiritsira ntchito mphamvu. Amene anasaina anali America, Britain ndi Russia.